Kusunga Nyama ya Gwape m'Firiji ndi m'Firiza

Makolo athu, amene ankalawirira ku uzimba ndi agalu, mauta ndi nthungo, nabwerako dzuwa litapendeka atasenza insa, mbawala kapena mphoyo, sadavutikepo mtima ndi funso lakuti nyamayo aisunga motani kufikira mwezi wamawa. Pakuti nyama yophedwa m'mawa inkakhala itagawidwa kusanade, uyu mwendo, uyo nthiti, winayo chiwindi, ndipo yotsalayo ankaicheka mizeremizere naiwamba pa nsanja ya utsi kuti idzatuluke tsiku losowa ndiwo. Iwo adadziwa kuti nyama yaiwisi sichedwa kuonongeka m'dziko lotentha, ndipo mwambi wawo wakuti kupatsa n'kuika udali lamulo lenileni la kasungidwe ka nyama, chifukwa amene wapatsa mnzake mwendo lero adzalandira wake tsiku limene mnzakeyo adzaphe.

Masiku ano nyama zakutchire zidachepa kwathu, ndipo zotsalazo zili m'manja mwa lamulo, limene ku Malawi lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, kotero kuti za nyama yozembetsa m'nkhalango sitinenapo kanthu pano kupatula kuti isalowe m'nyumba mwanu. Koma alipo abale athu ambiri amene nyama ya gwape imawafikira m'njira yolungama: amene ali ku South Africa, kumene nyengo yachisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, alenje amapha nswala ndi ngoma m'mafamu osungira nyama, amene ali ku Zambia, kumene kulinso mafamu otero, amene ali ku Britain, kumene mitundu isanu ndi umodzi ya agwape idachuluka kotero kuti chaka ndi chaka amaipungula nagulitsa nyama yake, ndi amene ali ku America, kumene mnzako wa kuntchito angathe kukusiyira ntchafu yathunthu pakhomo. Onsewa alibe mudzi woti agawire nyama. Ali ndi firiji ndi firiza basi. Ndipo popeza ambiri amakhulupirira kuti chilichonse cholowa m'menemo chapulumuka, n'koyenera kuti tisanthule mofatsa chimene chisanu chimachita ndi chimene sichingathe kuchita.

Zimene zimaononga nyama ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timakhala pa chikopa cha nyamayo, m'matumbo mwake, pa mpeni ndi m'manja mwa wosenda. Pakuti m'kati mwa mnofu wa nyama yathanzi mumakhala moyera, ndipo tizilomboti timalowamo pokhapokha mpeni kapena chipolopolo chikatsegula njira. Tikapeza chinyezi, chakudya ndi kufunda, timaswana mwa kugawikana pawiri, ndipo pamene zonse zatikomera, kamodzi kamasanduka tiwiri pa mphindi 20 zokha; wodziwa kuwerengera aona yekha kuti pakutha pa maola 7 kamodzi kaja kakhala katabala toposa 2 miliyoni. Kutentha kumene timakonda ndi kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60, kumene ndiko kutentha kwa khonde, kwa khitchini ndi kwa m'galimoto. Firiji ikakhala pa madigiri 4 kapena kutsikirapo, kuswana kumeneku kumachedwa kwambiri, koma sikuleka. Firiza ikafika madigiri 18 pansi pa ziro, kumalekeratu, koma tizilombo tambiri sitifa ayi, timangogona, ndipo tsiku limene nyamayo idzasungunuke tidzadzuka n'kupitiriza pamene tidalekezera. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Firiza ili ngati nkhokwe: mukathiramo chimanga chofumbwa, musayembekeze kudzatapamo chabwino.

Wina adzati, kodi mphuno tilibe, kuti tilephere kuzindikira nyama yoipa? Mphuno tili nayodi, ndipo nyama yonunkha, yonanda kapena yoyamba kubiriwira itayidwe popanda kukambirana; koma tizilombo timene timanunkhitsa nyama ndi timene timagoneka munthu m'chipatala kawirikawiri si timodzimodzi. Salmonella ndi E. coli O157 tingathe kudzaza nyama imene ili yofiira bwino, yopanda fungo, yokopa maso: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kalipo kena, Listeria, kamene kamaswanabe ngakhale m'firiji mozizira. Ndipo abale athu a ku South Africa sanaiwale za m'zaka za 2017 ndi 2018, pamene kachilombo kameneka, kochokera m'poloni, kadadwalitsa anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200. Chakudya chimene chidawapha chidachokera m'mafiriji.

Tsono mlandu wa nyama ya gwape umayamba kuzengedwa kutchire, firiji isanayandikire n'komwe. Gwape akagwa, thupi lake limakhala pa madigiri 38 kapena 39, ndipo chikopa ndi ubweya, zimene zinkamuteteza ku mphepo ali moyo, zimasunga kutenthako m'kati, pamene chifu, chodzaza ndi udzu wosasa, chimapitiriza kufufuma. N'chifukwa chake mlenje wodziwa ntchito yake amatumbula nyama nthawi yomweyo, mosamala kuti mpeni usaboole matumbo kapena chikhodzodzo, natsegula chifuwa ndi kamtengo kuti mphepo ipitemo, naipachika pamthunzi kutali ndi dothi ndi ntchentche. Malamulo a ku Ulaya a m'chaka cha 2004, amene ku Britain amatsatidwabe, amanena kuti nyama zikuluzikulu zakutchire zogulitsa ziziziritsidwe mpaka madigiri 7 kapena kutsikirapo m'kati monse, osati kunja kokha. Ku mapiri a ku Scotland, mwezi wa Novembala, mphepo yokha imathandiza ntchito imeneyi. Koma ku Limpopo, ku South Africa, kumene ngakhale nyengo yachisanu dzuwa la masana limatentha, nswala imene yakhala maola asanu kumbuyo kwa galimoto, yofunditsidwa lona, itaunjikizana ndi zinzake, yayamba kale kusasa, ndipo imayambira pamene maso saona, m'kati mwa ntchafu pafupi ndi fupa, pamene kutentha kumachedwa kutuluka. Mukalandira ntchafu, lowetsani mpeni woyera mpaka ukhudze fupa, muutulutse ndi kuununkhiza. Ukatuluka ndi fungo lowawasa, nyamayo idachedwa kuzizira, ndipo palibe firiza imene ingaibwezere. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Musachite manyazi kufunsa wokupatsaniyo kuti nyamayo idaphedwa liti ndipo usiku woyamba idagona kuti. Funso lotere silinyoza mphatso.

Pozungulira bala la chipolopolo pamafunika dzanja losaumira. Mnofu wakuda ndi magazi oundana, wosakanikirana ndi ubweya ndi tizidutswa ta mafupa, udulidwe ndi kutayidwa, pakuti magazi ndiwo amayamba kuvunda. Ndipo chipolopolo chikadutsa m'mimba, mnofu wonse umene wakhudzidwa ndi zam'matumbo uchotsedwe ndi mpeni. Palinso nkhani ya mtovu. M'chaka cha 2008, a boma la Minnesota, ku America, atayesa zipolopolo zosiyanasiyana, adapeza tizidutswa ta mtovu tomwazikana mpaka masentimita 45 kuchokera pa bala, tochepa kwambiri moti dzino silingatimve. Mtovu suchoka ndi chisanu kapena moto, ndipo amene umawaononga kwambiri ndi ana aang'ono ndi ana osabadwa. Chotero mnofu wa pafupi ndi bala usalowe m'chopukusira nyama, kumene ungamwaze mtovuwo m'nyama yonse.

Pali mwambo wa alenje ndi eni mabutchala wopachika nyama masiku angapo isanadulidwe, ndipo mwambowu uli ndi chifukwa chake. Patapita maola ochepa nyama itafa, minofu imauma gwa, monga aliyense amene adasendapo mbuzi adziwira, ndipo imayamba kumasuka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Pambuyo pake timadzi ta m'minofu momwemo timafewetsa nyamayo pang'onopang'ono. Amene aponya nyama m'firiza idakali yofunda, isanaume ndi kumasukanso, adzadya nyama yolimba. Kumene kuli zipinda zozizira zopachikamo nyama, pa madigiri 1 mpaka 3, gwape wamkulu amapachikidwa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma ine sindilangiza munthu wa firiji ya m'nyumba, imene ana amatsegula kosalekeza pofuna madzi akumwa, kuti atsanzire zimenezi. Masiku awiri kapena atatu akukwana, nyamayo itagonekedwa pa waya pamwamba pa thireyi kuti isaviikidwe m'magazi ake, kenako idulidwe n'kupita m'firiza. Nyama imene idalasidwa m'mimba, kapena imene mukukayika za ulendo wake, isagonekedwe konse.

M'firiji, malo a nyama yaiwisi ndi pansi penipeni, m'mbale yakuya yovundikira, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zimene zidzadyedwe zosaphika. Pachitseko ndiye pofunda kuposa ponse, ndipo firiji yodzaza thothotho, yopanda mpata woti mphepo izungulire, siziziritsa mokwanira. Zigawo zathunthu, monga msana kapena ntchafu, zingakhalemo masiku atatu kufikira asanu, kuwerengera kuchokera tsiku limene nyamayo idadulidwa, osati limene idafika kwa inu. Chiwindi, mtima ndi impso ndi za tsiku limodzi kapena awiri. Nyama yogaya ndi masoseji aiwisi ndi chimodzimodzi, tsiku limodzi kapena awiri, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa: pa chigawo chathunthu tizilombo timakhala kunja, kumene moto umafika msanga, koma chopukusira chimatenga zakunjazo n'kuzilowetsa m'kati monse. M'chaka cha 2015, ku Scotland, anthu oposa khumi adadwala E. coli O157 chifukwa cha nyama ya gwape yogula yaiwisi, ina mwa iyo masoseji. Ndipo kachilombo kameneka, kamene towerengeka chabe timakwana kudwalitsa munthu, kamaononga impso za ana. Tili ndi chizolowezi ife chotsuka nyama pampopi tisanaiphike, ndipo amayi athu ambiri angaone ngati uve kuphika nyama yosatsuka. Koma madzi sachotsa tizilombo, amangotimwazira pa sinki, pa mbale ndi pa masamba amene ali pafupi. Pali ubweya kapena dothi, ndi bwino kudulapo ndi mpeni n'kupukuta ndi pepala loyera lotaya. Za nyama yophika yotsala, a ku America amati masiku atatu kapena anayi, a ku Britain amati awiri. Ine ndili kumbali ya a ku Britain, malinga ilowe m'firiji pasanathe maola awiri chiphulireni. Ngakhale m'chilamulo cha Mose, m'buku la Levitiko, nyama ya nsembe yotsala kufikira tsiku lachitatu inkatenthedwa ndi moto. Ndipo ngakhale lamulolo linali lachipembedzo, wokhala m'dziko lotentha savutika kuona nzeru yake.

Tifike tsopano ku firiza. Clarence Birdseye, munthu wa ku America amene adakakhala ku Labrador kuyambira m'chaka cha 1912, adaona kuti nsomba zimene eni dzikolo ankawedza m'chisanu choopsa zinkauma pomwepo, ndipo zikasungunuka patapita miyezi zinkakoma ngati zangovuulidwa kumene, pamene zakudya zoumitsidwa pang'onopang'ono ku New York zinkatuluka zolobodoka. Chinsinsi chake chili m'madzi a m'nyama. Akaundana msanga, amapanga timiyala ta ayisi tating'onoting'ono. Akaundana mochedwa, timiyalato timakula n'kung'amba minofu, ndipo posungunuka msuzi wonse wa nyama umatayikira m'mbale. Pa nzeru imeneyi ndi pamene Birdseye adamangapo ntchito yake ya zakudya zoumitsa, zimene zidayamba kugulitsidwa m'masitolo m'chaka cha 1930. Kwa ife phunziro lake ndi lakuti nyama idulidwe m'magawo aang'ono okwanira mphika umodzi, aphwatalala, ayalidwe motalikirana mpaka ataumiratu, kenako n'kuwaunjika. Firiza isasenzetsedwe katundu woposa mphamvu yake: kilogalamu imodzi ya nyama yatsopano pa malita 25 alionse ndiwo muyeso wabwino, kutanthauza kuti firiza ya malita 200 ilandire makilogalamu 8 pa tsiku, yotsalayo idikire m'firiji. Ndipo kachipinda ka ayisi ka m'firiji ya chitseko chimodzi si firiza yeniyeni: tayang'anani nyenyezi zojambulidwa pakachitseko kake, pakuti nyenyezi imodzi ndi madigiri 6 pansi pa ziro, a sabata imodzi, ziwiri ndi madigiri 12, a mwezi umodzi, zitatu kapena zinayi ndizo zimafika pa 18.

Mdani wa nyama m'firiza ndi mpweya. Aliyense amene adatulutsapo phukusi loiwalika pansi pa firiza adziwa maonekedwe ake: m'mphepete mwa nyama motuwa, mouma ngati chikopa chakale, m'thumba modzaza chipale cha ayisi, chimene ndi madzi otuluka m'nyamamo. Nyama yotero siidwalitsa, ndipo potuwapo pangathe kudulidwa, koma kukoma kwake kwapita. Nyama ya gwape, popeza ilibe mafuta ambiri oikuta monga ya ng'ombe, imagwidwa msanga ndi vuto limeneli. Ndipo timafuta tochepa timene ili nato, toyera ndi tolimba, ndi bwino kutichotsa, chifukwa mafuta amapitiriza kusintha ngakhale m'chisanu, napatsa nyama fungo lija limene ambiri amalinamizira gwape. Majumbo opyapyala a kumsika sateteza kanthu. Amene ali ndi makina ochotsa mpweya m'matumba ali ndi mwayi. Amene alibe akulunge nyama mothina ndi pulasitiki yomata, aiike m'thumba lochindikala, alimize m'beseni la madzi ozizira mpaka pafupi ndi kukamwa kwake, kuti madziwo afinye mpweya wonse, ndipo alitseke lisanavuuke. Fupa lakuthwa limaboola thumba, choncho ndi bwino kuchotsa mafupa n'kuwasunga paokha a msuzi. Pa phukusi lililonse palembedwe chigawo cha nyama ndi tsiku, pakuti pakapita miyezi itatu maphukusi onse amafanana, ndipo mtima wa munthu umaiwala. Pa madigiri 18 pansi pa ziro osasinthasintha, nyama siyamba kudwalitsa chifukwa cha kukhalitsa. Chimene chimatha ndi kukoma. Zigawo zathunthu zokulungidwa bwino zimakoma kwa miyezi 6 kufikira 9, zina kufikira chaka. Nyama yogaya, masoseji ndi zam'kati, miyezi itatu kapena inayi.

Kunena chilungamo, chilipo chimodzi chimene chisanu chimapha: kachilombo kotchedwa Toxoplasma, kamene kamabisala m'minofu ya agwape ambiri ndipo n'koopsa kwa mwana amene ali m'mimba, kamafooka kwambiri nyama ikakhala masiku angapo m'firiza yozizira bwino. Koma zina zambiri chisanu sichizigonjetsa. Tinyongolotsi ta Trichinella, topezeka m'nyama zakutchire zonga nguluwe, mitundu ina ya ito imapirira chisanu, ndipo mankhwala ake ndi moto wokha. Ku America ndi ku Canada kuli nthenda yoonda ya agwape, yodziwika ndi zilembo za CWD, imene idaoneka koyamba ku Colorado m'chaka cha 1967 ndipo idapezekanso ku Norway mu 2016. Choyambitsa chake sichifa ndi chisanu ngakhale ndi moto wa pakhitchini, ndipo ngakhale kuti palibe munthu amene adatsimikizidwa kuti adaitenga, a zaumoyo amalangiza kuti gwape wochokera kudera la nthendayi ayezedwe, ndipo akapezeka nayo asadyedwe. Wanzeru amasunga nyama ya gwape aliyense payokha, yolembedwa, kufikira zotsatira zitabwera. Pafupi ndi kwathu choopsa ndi nthenda ya anthrax. M'chaka cha 2011, m'boma la Chama ku Zambia, mvuu zambiri zidafa mumtsinje wa Luangwa, ndipo anthu oposa 500 amene adasenda, kunyamula kapena kudya nyamayo adadwala, asanu namwalira. Njala ndiyo idawakankhira ku nyamayo, ndipo sitiwaweruza. Koma nyama yopezeka itafa yokha, kaya ndi mvuu kaya ndi mbawala, isakhudzidwe, pakuti mbewu za nthendayi zimakhala zaka zambiri m'dothi, ndipo m'firiza zimangosungika bwino.

Posungunula ndi pamene ambiri amataya zonse zimene adasamala kwa miyezi. Nyama yosiyidwa pa tebulo usiku wonse, kapena padzuwa, kapena m'madzi ofunda, imasungunuka kunja n'kufika pa kutentha kumene tizilombo timakonda, m'kati mukadali gwa. Njira yabwino ndi ya m'firiji, pansi, m'mbale, ndipo imafuna kuganiza za mawa lero, chifukwa makilogalamu awiri alionse amatenga pafupifupi tsiku lathunthu. Alendo akafika mwadzidzidzi, thumba losalowa madzi limizidwe m'madzi ozizira, osinthidwa mphindi 30 zilizonse, ndipo nyamayo iphikidwe ikangosungunuka. Imene yasungunukira m'firiji ingathe kubwezedwa m'firiza, ngakhale idzataya msuzi wina. Koma chabwino koposa ndi kuiphika kaye n'kuumitsa yophikayo. Pophika, nyama yogaya ndi masoseji zifike madigiri 71 m'kati, popanda kufiira kulikonse. Zigawo zathunthu, kwa okonda yofiirira m'kati monga Azungu, zisachepere madigiri 63, ndipo zipume mphindi zitatu zisanadulidwe. Amayi oyembekezera, ana, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika adye yopsa bwinobwino. Pa ichi kaphikidwe kathu, kowiritsa nyama mpaka kufewa tisanaikazinge ndi anyezi ndi tomato, n'kotchinjiriza kwambiri, ndipo palibe chifukwa choti tikusiye pofuna kuoneka otsogola.

Malangizo onsewa adalembedwa m'maiko amene magetsi sazima kawirikawiri, ndipo wokhala ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg, amene adazolowera kuthimathima kwa magetsi, ayenera kuwawerenga ndi diso lina. Firiji yosatsegulidwa imasunga chisanu chake pafupifupi maola anayi okha; firiza yodzaza imapirira pafupifupi maola 48, ya theka maola 24. Pamenepa tikuphunzira kuti mipata ya m'firiza idzazidwe ndi mabotolo a madzi, amene akaundana amasanduka mlonda wa nyamayo, ndiponso kuti firiza yotsegula pamwamba imaposa yoimirira, popeza mpweya wozizira ndi wolemera ndipo sukhuthukira pansi potsegula. Magetsi akazima, chitseko chisatsegulidwe pofuna kungoona. Akabwera, nyama imene ikadali ndi timiyala ta ayisi m'kati ingaumitsidwenso, imene yasungunuka koma ikadali yozizira ngati ya m'firiji iphikidwe tsiku lomwelo, ndipo imene yakhala yofunda koposa maola awiri itayidwe. Ndikudziwa kuwawa kwa mawu amenewa m'nyumba imene nyama siioneka kawirikawiri, ndipo ndikudziwa kuti mtima umati, tingoiwiritsa kwambiri. Koma tizilombo tina, monga Staphylococcus, timasiya ululu m'nyama umene kuwiritsa sikuuchotsa, ndipo mtengo wa mwana wotsekula m'mimba usiku wonse umaposa wa ntchafu ya gwape. Amene achoka pakhomo masiku angapo athire madzi theka m'botolo, aligoneke cham'mbali mpaka madziwo aundane, kenako aliimike m'firiza. Akabwerako napeza ayisi atatsikira pansi pa botolo, adziwe kuti firizayo idasungunuka iwo kulibe, ngakhale tsopano zonse zili gwa. Ndipo kumene magetsi amazima tsiku ndi tsiku, nyama imafewa pang'ono n'kuumanso kambirimbiri, kotero kuti miyezi 9 ija musaidalire. Idyeni m'miyezi iwiri kapena itatu, ndipo yochuluka kuposa pamenepo muigawe kapena muiwambe.

Kuwamba ndi kuyanika, tsono, si njira zachikale zoti tichite nazo manyazi, ndipo biltong, nyama youmitsa ya ku South Africa, amatsimikiza kuti mchere, viniga ndi mphepo youma zidakali ndi ntchito. Koma nazonso zili ndi malire ake. Ku Oregon, m'chaka cha 1995, anthu 11 adadwala E. coli O157 atadya nyama ya gwape youmitsidwa pakhomo m'makina ofunda pang'ono, amene adachotsa madzi koma osapha tizilombo. Ndipo a zaumoyo a ku America amalangiza kuti nyama itenthedwe kaye kufika madigiri 71 isanaumitsidwe. Makolo athu ankaiwamba pamoto weniweni, naiphikanso asanadye, ndipo mbali ziwiri zonsezi n'zofunika kwa amene afuna kutsata njira yawo.

Manambala onse amene tatchulawa alibe phindu kwa munthu amene sadziwa kuzizira kwenikweni kwa firiji yake, pakuti kogudubuza ka m'kati, kolembedwa 1 mpaka 5, sikanena madigiri, ndipo firiji yokalamba, ya mphira wa pachitseko wotha, ingathe kulira usiku wonse ili pa madigiri 9. Chotero ndikupemphani, inu awerengi, kuti musanalandire nyama ina mugule kachipangizo koyezera kuzizira, mukaike pakati pa firiji usiku wonse, ndi usiku wotsatira m'firiza. Mukapeza m'mawa kuti firiji yapitirira madigiri 5, kapena kuti firiza sikufika pa 18 pansi pa ziro, konzani zimenezo poyamba, nyama ibwere pambuyo.